Mbamu ya nsima ikamezedwa imapita kuti? Mafunso ndi mayankho a ophunzira uphunzitsi kuno ku Tete

Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera pakati pa anyamata ndi atsikana amene akuphunzira uphunzitsi wa pulayimale m'ma IFP, sukulu zophunzitsira aphunzitsi, makamaka nthawi ya estágio, yokayesera kuphunzitsa m'kalasi, ikayandikira, munthu atauzidwa kuti sabata yamawa akaphunzitse za kagayidwe ka chakudya m'phunziro la Ciências Naturais. Mayina a ziwalo ambiri amawadziwa pamtima, m'Chipwitikizi, kuyambira pa boca mpaka kumapeto. Zimavuta mwana akakweza mkono n'kufunsa chimene sichinalembedwe pa bolodi.

Mayeso a mutu umenewu ndinakhoza. Mukuneneranji kuti mwina sindinaumvetse?

Tsekani buku, tengani pepala, jambulani thupi la munthu. Onetsani njira imene mbamu ya nsima ndi kapu ya madzi zimayenda kuchokera pakamwa mpaka zitathera. Mukamaliza yang'anani ngati pachithunzipo pali magazi.

Ambiri sajambula magazi. Ena amajambula paipi yotsika n'kukathera m'thumba lotseka, ngati kuti chakudya chimangounjikana m'menemo. Ena amajambula mapaipi awiri kuchokera kum'mero, ina ya zolimba, ina ya zamadzi. Enanso amalumikiza matumbo ndi chikhodzodzo. Si vuto la kuno kokha ayi. Ku France, Pierre Clément analemba mu 1991 za ophunzira akuluakulu amene ankajambulabe paipi imodzi yochokera pakamwa kukafika kotulukira mkodzo, ngakhale anali ataphunzira mutuwu kangapo. Mayeso ofunsa mayina okha sagwira maganizo amenewa, ndiye munthu amakhoza nawo n'kukawapatsira ana.

Kodi si m'chifu mmene chakudya chimagayidwa?

Chimagayidwamo, koma ntchito yaikulu sichitikira mmenemo. Tiyambe ndi malo ake. Mukafunsa anthu pamene pali chifu, ambiri amagwira pamchombo. Pamchombo pali matumbo. Chifu chili m'mwamba chakumanzere, mbali ina yabisala kunsi kwa nthiti.

Kugaya kumayambira m'kamwa. Mwana amakhala ndi mano 20 oyamba, wamkulu 32, ndipo ana a makalasi oyamba amakhala ali mkati mogweluka mano, choncho nkhaniyi imawakoka msanga. Mano amaphwanya, lilime limatembenuza, malovu amanyowetsa. Munthu amapanga malovu pafupifupi lita imodzi pa tsiku kapena kuposerapo, ndipo m'malovumo muli enzima (chinthu chopangidwa ndi thupi chodula chakudya) yotchedwa amilase imene imayamba kudula amido, chakudya chopatsa mphamvu chimene chadzaza mu nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga.

M'chifu chakudya chimatakasidwa ndi minofu n'kusakanizidwa ndi asidi pamodzi ndi enzima ina, pepsina, imene imayamba kudula mapuloteni a nyemba, mazira kapena kapenta. Asidiyo amaphanso tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya. Pakatha maola 2 mpaka 4, zonona zikachuluka amapitirira pamenepo, chakudya chimakhala chitasanduka phala lamadzimadzi, ndipo chifu chimalitulutsa pang'onopang'ono kupita m'matumbo aang'ono. Zimene chifu chimalowetsa m'magazi n'zochepa: mowa pang'ono ndi mankhwala ena.

Timakonda kuuza ana kuti chifu ndi chigayo. Fanizoli lili ndi pothera pake. Chigayo chimaphwanya chimanga kukhala ufa, koma ufawo ukadali chimanga chomwecho, ndipo ngakhale utasalala bwanji sungadutse khoma la matumbo. Ma enzima amachita zina: amasintha chakudyacho kukhala tinthu tatsopano tosungunuka m'madzi. Mukanena za chigayo, nenaninso pamene chigayocho chalepherera.

Ndiye nsimayo imalowa bwanji m'magazi?

Funso lenileni la mutu wonse ndi limeneli. Ndikanakhala wolemba mayeso a ophunzira uphunzitsi, ndikanafunsa lokhali.

Matumbo aang'ono amatchedwa choncho chifukwa ndi opapatiza, osati chifukwa ndi aafupi. Ndi aatali pafupifupi mamita 6, opindidwapindidwa pakati pa mimba. Chigawo choyamba, duodeno, ndi chachifupi, masentimita 25, koma m'menemo mumathiridwa madzi a mitundu iwiri: ndulu yochokera kuchiwindi, ndi madzi ochokera ku pâncreas, chiwalo chimene chili kuseri kwa chifu. Madzi a pâncreas amaziziritsa ukali wa asidi wa m'chifu, ndipo ali ndi ma enzima odula amido, mapuloteni ndi mafuta. Khoma la matumbo lenilenilo limamaliza ntchito. Pomaliza amido wa nsima wasanduka shuga wotchedwa glicose, mapuloteni a nyemba asanduka ma aminoácido, mafuta a nsinjiro aduka kukhala tizidutswa tating'ono.

Mkati mwa matumbowa si mosalala. Khoma lake ndi lamakwinya, ndipo pamakwinyapo pamera timinofu tambirimbiri, kalikonse kosapitirira milimita imodzi, timene mabuku amati vilosidades. Tonse titayalidwa, malo ake angakwane pafupifupi masikweya mita 30, ndiye kuti mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi. M'kamnofu kalikonse muli timitsempha ta magazi. Glicose ndi ma aminoácido zimadutsa khomalo n'kulowa m'timitsemphato. Magazi amenewa sapita kumtima molunjika: amayamba adutsa kuchiwindi, chimene chimasunga shuga wina, kusintha zina, ndi kuchotsa zoopsa. Kenako mtima umawapopa thupi lonse. Mafuta ambiri amatenga njira ina, ya timitsempha ta linfa, madzi otuwa oyenda m'thupi, n'kudzalowa m'magazi chapafupi ndi khosi.

Ndiye mwana akafunsa kuti nsima imene wadya ikamufika bwanji kumwendo, yankho lake ndi lakuti imafika ngati shuga m'magazi, ndipo kumwendoko shugayo amakumana ndi mpweya wa oxigénio wochokera m'mapapo n'kutulutsa mphamvu yopalasira njinga. Mphunzitsi amene wafotokoza zimenezi walumikiza mitu itatu imene m'buku imaoneka ngati yosadziwana: kugaya, kuyenda kwa magazi ndi kupuma.

Madzi ndi tiyi amadutsa njira iti kuti akhale mkodzo?

Njira yomweyo ya nsima. Palibe paipi yapadera ya zakumwa, ndipo palibe paipi yochokera m'matumbo kupita kuimpso kapena kuchikhodzodzo. Madzi amalowa m'magazi kudzera m'khoma la matumbo, amazungulira thupi, ndipo impso zimasefa magaziwo n'kupanga mkodzo. Mkodzo ndi wochokera m'magazi.

Pali chinanso chimene chimalembedwa molakwika pa bolodi, choti madzi amayamwidwa m'matumbo aakulu okha. M'matumbo aang'ono mumadutsa malita 8 kapena 9 a madzi pa tsiku, ambiri mwa iwo si omwa koma malovu, madzi a m'chifu, ndulu ndi ena opangidwa ndi thupi. Ochuluka amabwerera m'magazi m'matumbo aang'ono momwemo. Matumbo aakulu amalandira lita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, n'kuyamwa pafupifupi onse otsalawo.

Nanga chimbudzi n'chiyani kwenikweni? Ndi chakudya choipa chimene thupi lakana?

Ana amakonda kunena kuti thupi limasankha, chabwino limasunga, choipa limataya. Si choncho. Zotuluka ndi zimene ma enzima athu sangathe kudula, monga gaga wa mgaiwa, makoko a nyemba ndi ulusi wa masamba, pamodzi ndi mabakiteriya ambirimbiri okhala m'matumbo aakulu, ndi madzi, amene ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zonsezo. Gaga ndi masambawo si oipa: ndi amene amathandiza kuti munthu asadzimbidwe. Mtundu wa chimbudzi umachokera ku ndulu.

Matumbo aakulu ndi aatali mita imodzi ndi theka, ndipo ndi mmene zotsalira zimakhalitsa. Ulendo wonse kuchokera pakamwa umatenga tsiku limodzi mpaka atatu. Mwana amene wathamangira kuchimbudzi atangodya sakutulutsa zimene wangodyazo. Chifu chikadzaza chimadzutsa matumbo aakulu kuti akankhe za dzulo.

Chakudya chimadutsa m'chiwindi ndi mu pâncreas?

Ayi. Ziwalo ziwirizi zili pambali pa njira, zimangothira madzi ake m'duodeno. Pa zithunzi za m'mabuku zimaoneka zitapanikizana ndi chifu, n'chifukwa chake ena amazilemba pamndandanda ngati malo amene mbamu imaimapo. Chimene chimafika kuchiwindi ndi chakudya chogayidwa kale, chili m'magazi.

Ana akuti ndulu ndi poizoni. Ndiwayankhe chiyani?

Amanena zimene amaona. Potumbula nkhuku kapena mbuzi, aliyense amachotsa kathumba kobiriwira kaja mosamala, chifukwa kakaphulika nyama imawawa. Kuwawa si poizoni. Ndulu imapangidwa ndi chiwindi, kathumbako kamangoisunga, ndipo imatsikira m'matumbo a munthu aliyense akadya. Ilibe ma enzima. Ntchito yake ndi kumwaza mafuta kukhala timadontho tating'ono kuti ma enzima a pâncreas awagwire bwino. Anthu ena amachotsedwa kathumbako kuchipatala ndipo amakhala bwinobwino, popeza chiwindi chimapitiriza kupanga ndulu.

Kuno nkhani imeneyi ili ndi chilonda chake. Mu January 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 anamwalira atamwa pombe pamaliro. Mphekesera yoyamba inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo inafalikira mpaka m'manyuzipepala a kunja. Akatswiri atayeza, anapeza kuti chinapha anthu ndi poizoni wotchedwa bongkrekic, wopangidwa ndi bakiteriya ya Burkholderia gladioli imene inamera mu ufa wa chimanga wofululira mowawo. Ngati mukaphunzitsa m'dera limene mabanja anaferedwa, nkhaniyi muigwire mwaulemu. Koma ana aakulu ayenera kudziwa kuti ufa wonyowa ndi wowonongeka ungaphe.

Munthu atazondoka angathe kumeza?

Angathe. Chakudya sichigwa chokha. Njira ya kum'mero, esófago, ndi ya masentimita pafupifupi 25, ndipo minofu yake imafinya kumbuyo kwa mbamu n'kuikankha, kufinya kumene kumapitirira m'matumbo monse. Ng'ombe imamwa itaweramitsa mutu pansi, madzi n'kumakwera. Musayese kuzondotsa mwana m'kalasi ali ndi chakudya m'kamwa.

Kutsamwa kumabwera chifukwa njira ya chakudya ndi ya mpweya zimakumana pakhosi. Pomeza, kachivindikiro kotchedwa epiglote kamatseka kholingo. Munthu akamaseka kapena kulankhula uku akumeza, kachidutswa kamalowa kolakwika. Akuluakulu oletsa kulankhula ndi chakudya m'kamwa anali ndi chifukwa.

Ngati asidi wa m'chifu ndi waukali choncho, bwanji sawotcha chifucho?

Khoma la chifu limadzipaka mamina okhuthala amene amalitchinjiriza, ndipo khungu lake lamkati limasinthidwa pakangopita masiku ochepa. Chitetezo chimenechi chikabooka ndiye zilonda za m'mimba. Kwa zaka zambiri madokotala ankaloza nkhawa ndi tsabola, mpaka Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia ataonetsa kuti zilonda zambiri zimayamba ndi bakiteriya ya Helicobacter pylori. Analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Mankhwala ena opha ululu, monga aspirina ndi ibuprofeno, akamwedwa pafupipafupi amabweretsanso zilonda. Chilungulira ndi asidi yemweyo akabwerera kum'mero, kumene kulibe chitetezo chotere.

Ana amakonda nkhani ya mmene izi zinadziwikira. Mu 1822 mnyamata wina, Alexis St. Martin, anawomberedwa mwangozi pamimba, ndipo bala lake linapola litasiya bowo lolowa m'chifu. Dokotala wake, William Beaumont, ankamangirira tizidutswa ta chakudya ku ulusi, kutilowetsa pabowopo, n'kumatitulutsa kuti aone mmene tasungunukira. Anasindikiza zimene anapeza mu 1833.

Ndingagwiritse ntchito zam'kati za mbuzi kapena nkhuku pophunzitsa?

Inde, ndipo n'zabwino kuposa chithunzi chofufutika, bola mudziwe pamene nyamazo zasiyana ndi munthu. Mwana wa ku Angónia kapena ku Macanga waona kale mbuzi ikutumbulidwa, amadziwa chifu, chiwindi ndi nthumbwana kuposa mmene mukuganizira. Koma mbuzi ndi ng'ombe zili ndi chifu cha zipinda 4 ndipo zimabzikula, pamene munthu ali ndi chipinda chimodzi. Nkhuku ilibe mano, ili ndi chithokomiro chosungiramo chakudya ndi nthutumba yoperera mothandizidwa ndi timiyala. Mukapanda kunena, ana ena adzajambula munthu wa nthutumba. Nyama yofanana kwambiri ndi ife m'mimba ndi nkhumba, ngakhale si m'kalasi iliyonse mmene mungailowetse, poti ena zipembedzo zawo sizilola.

Chenjeraninso ndi kachiwalo kakuda kofiirira komamatira pachifu cha mbuzi. Ndi baço, chiwalo cha magazi chija chimatupa mwa ana odwala malungo pafupipafupi, ndipo sichigaya chakudya. Pâncreas ndi yotuwa, yofewa, yobisala m'mafuta pafupi ndi poyambira matumbo, yovuta kuiona.

Zam'katizo zikhale za tsiku lomwelo, pakhale madzi ndi sopo.

Sukulu imene ndapatsidwa ilibe labotale, ngakhale tchati. Ndichite chiyani?

Yambani ndi chimera. Mayi aliyense wophika thobwa amadziwa kuti phala lolimba, likazizira pang'ono n'kuthiridwa chimera, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mbewu ikamamera imapanga amilase, enzima ya mtundu womwewo ndi ya m'malovu, ndipo ndi imene imadula amido wa phalalo kukhala shuga. Bwerani ndi phala lofunda m'makapu awiri, thirani chimera m'kamodzi, pitirizani kuphunzitsa, ndipo phunziro lisanathe ana apendeketse makapu onse awiri. Phala likakhala lowira sizichitika, popeza kutentha kwambiri kumawononga enzima, ndipo nalonso ndi phunziro. Afunseni chifukwa chake amayi awo amadikira kuti phala lizizireko.

Ngati mungapeze mankhwala a iodo opaka pabala, dontho limodzi pa nsima limasanduka labuluu wakuda, chizindikiro cha amido. Sungunulani phala pang'ono kwambiri m'madzi ofunda, gawani pawiri, kwina thirani malovu anu, dikirani theka la ola, ndipo donthezani iodo konse. Kumene kuli malovu mtundu umachepa kapena suoneka. Phala likachuluka zimakanika, ndiye yesani kunyumba kaye. Iodo si wakumwa, botolo likhale m'manja mwanu.

Za kutalika, dulani chingwe: masentimita 25 a kum'mero, kenako mamita 6 a matumbo aang'ono, kenako mita imodzi ndi theka ya matumbo aakulu. Ana achitambasule pabwalo, kenako ayese kuchipinda kuti chikwane pamimba pa mmodzi wa iwo. Za kufinya kwa kum'mero, chubu chakale cha njinga ndi mwala wobulungira zikwana.

Ndiphunzitse m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi?

Zimatengera kalasi ndi ndondomeko ya sukulu yanu. Tete ndi kumene maphunziro a zinenero ziwiri anayesedwa koyamba: pulojekiti ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, inaphunzitsa m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno, ndi m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 njirayi inalowa m'sukulu zina za boma. Maganizo anga ndi akuti mayina a m'buku ana awadziwe, poti mayeso adzawafuna, koma kafotokozedwe ka zimene zikuchitika kadutse m'chinenero chimene mwana amaganizira. Mwana wonena "intestino delgado" bwinobwino angakhale asakudziwa kuti ndi matumbo omwe aja amawaona mbuzi ikaphedwa.

Vuto lina ndi manyazi. Aphunzitsi atsopano ambiri akafika kumapeto kwa njira amathamanga, kapena amangotchula liwu la Chipwitikizi motsitsa mawu. Ana adzaseka ndithu. Asiyeni aseke kamodzi, inu nkhope ili phee, nenani kuti chimbudzi chimatulukira kumatako, n'kupitiriza. Mukadumpha pamenepa simudzatha kufotokoza za kolera kapena njoka za m'mimba.

Potsegula m'mimba, n'chifukwa chiyani amapereka madzi a shuga ndi mchere, osati madzi okha?

Potsegula m'mimba madzi aja amayenera kubwerera m'magazi amatuluka, pamodzi ndi mchere wa m'thupi. Pa kolera, imene yavutitsa chigawo chino mu 2015 ndi 2023, poizoni wa bakiteriya amachititsa khoma la matumbo aang'ono kutulutsa madzi ochuluka, ndipo munthu angafe tsiku lomwelo. Koma khomalo lili ndi njira imene imalowetsa glicose ndi mchere pamodzi, madzi n'kutsatira, ndipo njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale pa kolera. SRO, madzi a shuga ndi mchere aja, imadalira pamenepa. Paketi ya kuchipatala ndiyo yabwino, isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Certeza, mankhwala oyeretsera madzi. Ikasowa, mu lita imodzi thirani timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere, uku mukupita kuchipatala. Shuga kapena mchere ukachuluka zinthu zimaipiraipira. Ana aang'ono amapatsidwanso zinco kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa.

Chikhulupiriro choti wotsegula m'mimba asamwe madzi kuti kuleke chilipobe m'midzi ina. Mwana amene wamvetsa za malita 8 aja angathe kukafotokoza kunyumba.

Mwana wina wati m'mimba mukamalira ndiye kuti njoka zikufuna chakudya. N'zoona?

Kulirako ndi mpweya ndi madzi zikukankhidwa ndi minofu ya chifu ndi matumbo. Kumamveka kwambiri m'mimba mukakhala mopanda kanthu, chifukwa pakati pa chakudya ndi chakudya matumbo amadzisesa okha. Aliyense zimamuchitikira, wanjoka ndi wopanda njoka.

Njokazo zilipo, koma si chiwalo cha thupi ndipo munthu sabadwa nazo. Zazitali zoyera zija, Ascaris, zimafika masentimita 30, ndipo mazira ake amalowa pakamwa kudzera m'manja, masamba ndi dothi lokhudzana ndi chimbudzi. Mtundu wina, ancilóstomo, umaboola khungu la kuphazi kwa woyenda wopanda nsapato, n'kukaluma khoma la matumbo aang'ono ndi kuyamwa magazi, mwana n'kumaoneka wotuwa ndi wotopa m'kalasi. Zonse ziwiri zimakhala m'matumbo aang'ono, pamalo pomwe chakudya chimalowera m'magazi, n'chifukwa chake mwana wanjoka zambiri amadya koma osakula bwino. Piritsi la albendazol kapena mebendazol limene a zaumoyo amagawa limazipha, koma ngati pasukulu palibe chimbudzi chabwino ndi posambira m'manja, zimabweranso pakangopita miyezi yochepa.